Momwe mungayambire kusonkhanitsa tizidole ta LEGO osasokonezeka ndi kuchuluka kwa mitundu yake

Munthu amene ankasonkhanitsa tizidole ta LEGO (kampani yopanga zoseweretsa za tinjerwa tapulasitiki tolumikizana) cha m'ma 1980 analibe ntchito yaikulu, chifukwa wapolisi, wozimitsa moto, msilikali wa m'linga la mfumu ndi woyenda m'mlengalenga, onsewo anali ndi nkhope imodzi: mutu wachikasu, timadontho tiwiri ta maso ndi kamzere kopindika kosonyeza kumwetulira. Lero mndandanda wa pa webusaiti ya BrickLink, imene osonkhanitsa ambiri amaidalira, uli ndi mitundu yoposa 10,000 ya tizidole timeneti, ndipo chaka chilichonse kumatuluka ina yatsopano mazanamazana. Palibe munthu wopeza ndalama mwapakatikati amene angakwanitse kukhala nato tonse. Amene akufuna kuyamba ayenera kudziwa kaye momwe mitunduyi inachulukira, kenako adziikire malire asanatulutse ndalama iliyonse.

Poyamba, dziwani zidutswa zake

Kachidole kameneka, komwe ogulitsa amakatchula kuti minifigure, n'kotalika pafupifupi masentimita 4, ndipo kamapangidwa ndi zidutswa zimene zimazuka ndi kulumikizikanso: mutu, chifuwa chokhala ndi mikono ndi manja, chiuno chokhala ndi miyendo iwiri, ndiponso tsitsi kapena chipewa. Tambiri timabweranso ndi kanthu kogwira m'manja, monga lupanga, kapu kapena wailesi. Popeza muyeso wa malo olumikizira sunasinthe chiyambire, mutu wa chaka chino umalowa bwinobwino pa chifuwa cha zaka makumi anayi zapitazo. Kwa mwana amene akusewera, zimenezi n'zosangalatsa, koma kwa wosonkhanitsa zikutanthauza kuti kachidole kooneka kathunthu kakhoza kukhala kosakaniza zidutswa za nthawi zinayi zosiyana. Pa chifukwa ichi, muziona chidutswa chilichonse pachokha musanakhulupirire kuti kanthu kamene mwagwirako ndi kamene wogulitsa akunena.

Chachiwiri, phunzirani zaka zimene zinthu zinasintha

Kampani ya LEGO inayambitsidwa ndi kalipentala Ole Kirk Christiansen m'tauni ya Billund ku Denmark m'chaka cha 1932, ndipo njerwa yake yapulasitiki, monga tikuidziwira lero, inalembetsedwa mwalamulo mu 1958. Anthu oti azikhala m'tinyumba tomangidwa ndi njerwazo anabwera mochedwa. Mu 1974 kunatuluka zidole zokulirapo za mitu yozungulira zimene matupi ake ankamangidwa ndi njerwa, ndipo mu 1975 kunabwera tina tating'ono topanda nkhope, tomwe mikono ndi miyendo yake sizinkayenda. Kachidole kokhala ndi mikono ndi miyendo yosuntha kanatuluka mu 1978, ndipo amene anatsogolera ntchito yokakonza anali Jens Nygaard Knudsen. M'chaka chomwecho kunayamba magulu atatu akuluakulu: moyo wa m'tauni, malinga a mafumu akale, ndi maulendo a m'mlengalenga.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi nkhope inali yomweyo. Kusintha kunabwera mu 1989 ndi gulu la achifwamba a panyanja, amene anali ndi ndevu, kansalu kophimba diso limodzi, mbedza m'malo mwa dzanja ndiponso mwendo wooneka ngati wamtengo. Mfundo imeneyi ndi yothandiza kwambiri pogula: mukapatsidwa kachidole kamene akuti ndi ka 1984 koma kali ndi ndevu kapena nsidze, mutuwo si wake. Mu 1990 kunabwera mzukwa wovala chinsalu chowala mumdima.

Chaka chimene chinatsegula chitseko kwambiri ndi 1999, pamene kampaniyi inagwirizana ndi eni ake a Star Wars n'kuyamba kupanga anthu a m'makanema. Kuyambira pamenepo panafunika mitu youmbidwa mwapadera, chifukwa zolengedwa zina za m'nkhanizo sizikanatheka kuzionetsa ndi mutu wamba. Harry Potter anabwera mu 2001, ndipo m'gulu limeneli munatuluka mutu woyamba wa nkhope ziwiri, ina kutsogolo ina kumbuyo. Miyendo yaifupi yosapindika, yoimira ana ndi anthu aafupi, inayamba mu 2002. Mu 2003 tizidole ta osewera basketball a mu ligi ya ku America ya NBA tinapatsidwa khungu lofanana ndi la eni ake, ndipo kuyambira 2004 anthu otengedwa m'makanema anayamba kusiya kukhala achikasu, pamene a m'tauni ndi a m'magulu ena opeka a kampaniyi anapitiriza ndi chikasu chawo. Choncho munthu mmodzimodzi wa m'kanema akhoza kupezeka wachikasu komanso wa khungu lenileni, ndipo osonkhanitsa amawerenga awiriwa ngati tizidole tosiyana, ta mitengo yosiyananso.

M'zaka zotsatira kusintha kunali kwa zinthu zing'onozing'ono koma zochuluka: zojambula kumsana, pamikono ndi m'mbali mwa miyendo, komanso miyendo youmbidwa ndi mitundu iwiri ya pulasitiki kuti kabudula kapena nsapato zioneke mbali zonse. Mu 2016 bokosi la nambala 60134 linabweretsa mnyamata wa pa njinga ya olumala ndi kakhanda, ndipo mu 2018 kunatuluka miyendo yapakatikati yomwe imapindika. Palinso zidole za gulu la Friends, zimene zinayamba mu 2012. Izi n'zowonda ndiponso zazitaliko pang'ono, ndipo zifuwa ndi miyendo yake sizilumikizana ndi za tizidole tinato, choncho musaziphatikize m'kaundula mmodzi.

Chachitatu, dulani malire

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amagula chilichonse chimene chawasangalatsa, ndipo pakatha chaka amapezeka ali ndi mulu wa tizidole tosagwirizana, ndalama zitapita. Sankhani gulu limodzi limene mungathe kulimaliza. Chitsanzo chabwino ndi oyenda m'mlengalenga akale, ovala chisoti chosalala ndi kathanki ka mpweya kumsana: m'zaka zoyambirira analipo ofiira, oyera, achikasu, abuluu ndi akuda basi, kenako wobiriwira anabwera mu 2014 ndipo wapinki mu 2019. Munthu akhoza kutsata mzere umenewu modekha n'kuona mapeto ake. Wina angasankhe apolisi okhaokha kuyambira 1978 mpaka lero, zomwe zimaonetsa bwino momwe yunifolomu ndi nkhope zasinthira. Star Wars, m'maganizo anga, si poyambira pabwino kwa munthu wosamala thumba lake, chifukwa mitundu yake inapitirira kale 1,000 ndipo msilikali mmodzi wovala zoyera anakonzedwa mobwerezabwereza, kusiyana kwake kuli pa timizere ta pachisoti tokha.

Njira yosavuta kuposa zonse ndi kutsata magulu a Collectible Minifigures, amene anayamba mu 2010. Pa magulu oyambirira, lililonse linkakhala ndi tizidole 16 togulitsidwa kamodzikamodzi m'timatumba tosaoneka mkati, ndipo kuyambira 2021 nambala inatsika kufika pa 12. Ubwino wake ndi wakuti mumadziwa pomwe gulu likuyambira ndi pomwe likuthera. Komabe dziwiranitu kuti m'magulu ena munaikidwa dala kachidole kosowa. Mu 2013, pa gulu la nambala 10, anapanga Mr. Gold wokutidwa ndi utoto wonyezimira ngati golide, ndipo analipo 5,000 okha pa dziko lonse. Musadziwerengere kuti mwalephera ngati mwamaliza enawo 16 popanda iye.

Chachinayi, gulani mosamala

Kale ogula ankapapasa katumba ndi zala kuti azindikire chipewa kapena chida chimene chili mkati, koma mu 2023 kampaniyi inasiya timatumba n'kuyamba kuika tizidoleti m'timabokosi ta katoni, ndipo luso limenelo linathera pomwepo. Pa timabokosi tambiri ta kuyambira 2024 pali kachizindikiro ka timadontho kunsi kwake, kamene mapulogalamu ena a pa foni amatha kuwerenga n'kukuuzani chimene chili mkati. Ngati simukufuna kugula kachidole kamodzimodzi katatu, ndi bwino kugula kwa munthu amene watsegula kale n'kulipira mtengo wokwererako pang'ono.

BrickLink, imene inayamba mu 2000 ndipo inagulidwa ndi kampani ya LEGO mu 2019, ndi msika wa ogulitsa ang'onoang'ono a m'maiko ambiri. Kachidole kalikonse kali ndi nambala yake kumeneko: ta Star Wars timayamba ndi zilembo sw, ta malinga a mafumu cas, ta achifwamba a panyanja pi, ndipo ta m'timatumba col. Musanavomere mtengo, yang'anani gawo losonyeza ndalama zimene anthu analipiradi m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, osati zimene ogulitsa akupempha lero. Kwa wogula wa kuno kwathu, mtengo wotumizira katundu ndi msonkho wa pa kasitomu zikhoza kuposa mtengo wa kachidoleko, choncho ndi nzeru kusonkhanitsa zofuna zanu n'kugula tambiri kwa wogulitsa mmodzi. Amene ali ndi abale ku Joni angawatume ku sitolo yovomerezeka ya LEGO imene inatsegulidwa ku Sandton City mu 2018. Musanyozenso milu ya zidole za kaunjika m'misika yathu, pomwe zidutswa zenizeni zimapezeka nthawi zina zitasakanikirana ndi zoseweretsa zina, ngakhale kuti kawirikawiri tsitsi ndi zogwira m'manja zimakhala zitasowa kale.

Chachisanu, siyanitsani chenicheni ndi chachinyengo

Zulani mutu n'kuyang'ana pamwamba pa khosi: pa tizidole tambiri tenitenti pamakhala dzina la LEGO lolembedwa ndi timalemba totukuka. Zulaninso miyendo n'kuona pakati pa timisomali tiwiri ta chiuno, pomwenso dzinalo limapezeka. Zidutswa zina zakale kwambiri zilibe chizindikirochi pamalo onsewa, choncho onaninso zina. Kachidole kachinyengo kamakhala ndi pulasitiki yonyezimira mopitirira kapena yofiirira mosayenera, m'mphepete mwake mumatsala tizinyenyeswa ta poumbira, manja ake amagwedera kapena kulimba kwambiri, ndipo zojambula za pankhope zimakhala zopendekeka. Mawu akuti chinapangidwa ku China paokha si umboni wachinyengo, chifukwa kampaniyi ili ndi fakitale yake ku Jiaxing, kuwonjezera pa za ku Denmark, Hungary, Czech Republic ndi Mexico.

Mukatsimikiza kuti n'chenicheni, kwezani mikono yonse iwiri n'kuyang'ana m'mbali mwa chifuwa pansi pa khwapa, chifukwa mng'alu woyamba umatulukira pamenepo. Onaninso zidendene ndi malo amene dzanja limalowera mu mkono. Pa oyenda m'mlengalenga akale, lamba wa pachibwano cha chisoti amasweka kawirikawiri, ndipo chithunzi chagolide cha pachifuwa chimafufutika ndi kugwiragwira. Kachidole kamene zonse ziwirizi zili bwino ndi kamene kamakwera mtengo. Samalani kwambiri ndi zidutswa zabulauni ndi zofiira modera za zaka zina zapitazo, zimene zimadziwika kuti zimathetheka msanga, moti kuzula mkono mongoyesa kukhoza kuswa chifuwa chonse. Pa tizidole todula, monga Boba Fett wa Star Wars wa m'bokosi la Cloud City la 2003 amene ali ndi zojambula pamikono ndi pamiyendo, pemphani zithunzi zapafupi za chidutswa chilichonse, chifukwa pali anthu amene amasindikiza okha zojambula pa zidutswa zenizeni zopanda kanthu n'kuzigulitsa ngati zoyambirira.

Chomaliza, lembani, tsukani ndi kusunga

Tsiku lomwe mwagula, lembani m'kope kapena pa kompyuta nambala ya kachidoleko, chaka chake, bokosi limene kanachokera, mtengo umene mwalipira ndi chidutswa chilichonse chimene chikusowa. Webusaiti ya Brickset imalola munthu kuchonga timene ali nato kwaulere. Popanda kaundula wotereyu, mukafika pa tizidole makumi asanu mudzayamba kugula tobwereza.

Potsuka, gwiritsani ntchito madzi ofunda osapitirira madigiri 40 ndi sopo wochepa wotsukira mbale, ndipo mupukute ndi kansalu kofewa osakhula pamene pali zojambula. Musatsuke ndi sipiriti kapena mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo, chifukwa amadya utoto ndi pulasitiki yomwe, ndipo timikanjo tansalu musatinyowetse konse. Ziumitseni pamthunzi. Pulasitiki ya ABS imene zidutswa zambiri zimapangidwira imasanduka yachikasu ikamawombedwa ndi dzuwa, makamaka zoyera, zotuwa ndi zabuluu, choncho shelefu yoyang'anana ndi windo si malo ake, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i muziike m'munsi, kutali ndi kutentha kwa denga m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Kabati wa galasi amateteza ku fumbi, koma ngati mulibe, ikani kachidole kalikonse m'kapepala kake ka pulasitiki kotseka pamodzi ndi zogwira m'manja zake ndi kapepala ka nambala. Mukamasunga kwa nthawi yaitali, chotsani lupanga kapena ndodo m'dzanja kuti dzanjalo lisatanuke n'kung'aluka. Ngati pakhomo pali mwana wosakwana zaka zitatu, zonsezi zikhale pamalo okiyidwa, chifukwa mutu wa kachidole ndi waung'ono moti akhoza kuumeza n'kutsamwa nawo.