Momwe mungasankhire tenti yabwino yogonamo kutchire

Musanayang'ane mtundu kapena mtengo wa tenti, werengani anthu amene adzagonemo, kenako muwonjezerepo munthu mmodzi. Opanga matenti akalemba kuti tenti ndi ya anthu awiri, nthawi zambiri amapatsa munthu aliyense malo a masentimita 50 mpaka 60 m'lifupi, osaganizira zikwama ndi nsapato. Choncho anthu awiri ayenera kugula ya anthu atatu.

Mukatero, fufuzani nambala yolembedwa m'mamilimita imene opanga amaitcha hydrostatic head. Nambalayi imasonyeza kutalika kwa madzi amene nsalu ingasenze madziwo asanayambe kudutsa. Nsalu ya mamilimita 1,500 imapirira mvula yamawawa, koma ya denga ndi bwino ikhale pakati pa 2,000 ndi 3,000, ndipo ya pansi ifike 5,000, chifukwa mukagwada kapena kugona, thupi lanu limakanikiza nsaluyo pa dothi lonyowa n'kukankhira madzi mkati. Sankhaninso tenti ya nsalu ziwiri, yamkati ndi yakunja, chifukwa mpweya umene mumapuma usiku umasanduka madontho pansalu yozizira, ndipo ngati nsalu ili imodzi madonthowo amagwera pa inu.

Pa nkhani ya nambalayi ndi pamene ine ndinalakwitsa, ndipo ndikupempha kuti musafulumirepo. Tenti yanga yoyamba inalembedwa mamilimita 3,000, ndipo wogulitsa, amene ankatsatsa malonda ake pa intaneti pamtengo wotsika kwambiri, ananditsimikizira kuti siilowa madzi. Ndinakhulupirira nambalayo, sindinaitulutse n'komwe m'chikwama chake mpaka tsiku la ulendo. Mvula inayamba pakati pa usiku, ndipo pasanathe nthawi yaitali madzi anayamba kudontha motsatira mzere umodzi wa denga, kenako m'makona onse anayi. Nsalu yeniyeniyo sinalowe madzi. Analowera m'misoko, chifukwa paliponse pamene singano ya makina yabaya pamatsala kabowo, ndipo opanga osamala amamata kampira kopyapyala kowonekera mkati mwa msoko uliwonse kuti atseke timabowoto. Pa tenti yangayo kampirako kanalipo pa misoko iwiri yokha yapafupi ndi khomo, pamene wogula amayamba kuyang'ana. Zofunda zinanyowa, ndipo ine ndi mnzanga tinachezera kukhala tsonga pamwamba pa zikwama mpaka kunja kunacha.

Chifukwa cha zimenezi, tembenuzani nsalu yakunja muli pamalo ogulira, ndipo muyendetse chala pa msoko uliwonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, makamaka m'makona ndi pamene zingwe zasokereredwa. Kampira kamene kayamba kumatuka kapena kuyoyoka ngati gaga kakusonyeza kuti tentiyo yakhalitsa, ngakhale atakuuzani kuti ndi yatsopano. Wogulitsa amene akukana kuti muitambasule musiyeni, ndipo pa intaneti musalipire musanamve ngati amalola kubweza katundu. Mukafika nayo kunyumba, ikhomeni panja n'kuithira madzi ndi paipi kapena ndowa kwa mphindi zingapo, wina ali mkati akuyang'ana pamene pakudontha. Mankhwala omatira misoko amagulitsidwa, ndipo ndi otsika mtengo poyerekeza ndi kugula tenti ina, koma onetsetsani kuti akugwirizana ndi nsalu yanu, popeza nsalu yopakidwa silicone imafuna mankhwala akeake.

Ndodo zoimikira tenti zilipo za aluminiyamu ndi za fibreglass, amene ndi pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wa galasi. Za aluminiyamu ndi zodula koma zopepuka, ndipo mphepo ikakula zimapindika, pamene za fibreglass zimang'aluka n'kutulutsa tizidutswa tobaya m'manja. Kwa munthu wonyamula katundu kumsana, ndalama zowonjezerazo n'zoyenera.

Tsegulani ndi kutseka zipi iliyonse kangapo, onani kuti neti yotchinga udzudzu ilibe chiboo, ndiponso kuti pamwamba pali timawindo tolowetsa mpweya. Werengani zikhomo ndi zingwe, mugule zikhomo zinayi zapadera, popeza zobwera ndi matenti otchipa zimapindika pa nthaka youma. Musaphikiremo kapena kulowetsamo makala oyaka, chifukwa motowo umatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide umene umapha munthu ali m'tulo. Pobwera ku ulendo, iyanikeni mpaka iumiretu musanaipinde, apo ayi idzachita nguwi ndipo kampira ka m'misoko kadzamatuka.