Kusankha mapu a mapiri ndi zigwa oika mu GPS yoyendera m'tchire

Chipangizo cha GPS chimangokuuzani pamene mwaima. Zoti kutsogolo kwanu kuli chiphedi kapena mtsinje wopanda mlatho, chimene chingakuuzeni ndi mapu amene mwaikamo. N'chifukwa chake ndimawapempha oyenda kutali ndi misewu ya tara kuti posankha mapu azifatsa kuposa mmene amachitira pogula chipangizocho.

Choyamba, dziwani kuti m'mapu otere muli zinthu ziwiri zochokera kosiyana. Pali mizere ya kontuwa, yofanana ndi akalozera a m'munda wotsetsereka: mzere uliwonse umadutsa malo okwera mofanana, ndipo mizere ikathithikana ndiye kuti pamenepo ndi potsetsereka kwambiri. Kenaka pali misewu, tinjira ndi milatho. Phiri silisuntha, koma njira imatha kumera thengo m'zaka zochepa, mlatho n'kukokoloka ndi madzi. Choncho mapu akhoza kulondola pa mapiri koma n'kukusocheretsani pa njira.

Mapu a boma ojambulidwa kuchokera pa pepala amasonyeza bwino mitsinje, madambo ndi mayina a mapiri. Vuto lawo ndi ukalamba, moti muziyamba mwayang'ana chaka chimene anakonzedwa. Komanso amakhala ngati chithunzi chabe: mukawakulitsa amachita mbuu, ndipo chipangizo sichingakuwerengereni njira pa iwo. Chenjeraninso ndi datum, imene ndi maziko oyezera malo. GPS imagwiritsa ntchito WGS 84, pamene mapu ambiri akale anayezedwa pa maziko ena. Mukapanda kugwirizanitsa ziwirizi, kadontho kanu kakhoza kugwa mamita mazana angapo kutali ndi pamene mulidi. M'nkhungu, m'mphepete mwa phompho, kusiyana kotere kukhoza kutayitsa moyo.

Mapu ogulitsidwa ndi opanga zipangizo, monga a Garmin, savuta kuika, ndipo ambiri amatha kukulondolerani njira. Mukamagula funsani ngati amawakonzanso, komanso ngati mungawasamutsire mu chipangizo china. A kampani ya Tracks4Africa amamangidwa kuchokera pa njira zimene apaulendo anadutsadi n'kuzisunga mu GPS zawo, ndiye kumene anthu amapitapita amadalirika.

Pali ena aulere ochokera ku OpenStreetMap, ntchito imene inayamba mu 2004 ndipo aliyense akhoza kuwonjezeramo. Ine ndimawakonda, koma sindibisa kuti ndi osafanana: dera limene kuli anthu akhama ojambula mupezamo ngakhale kanjira ka miyendo, pamene dera loyandikana nalo lili mbee. Mizere ya kontuwa ya mapu ambiri aulerewa imachokera ku SRTM, kafukufuku amene chombo cha Endeavour chinachita ndi radar, chida choyezera kutalika pogwiritsa ntchito mafunde a wailesi, kuchokera m'mlengalenga mu February 2000. Muyezo wake wabwino kwambiri ndi woyeza kukwera kwa malo kamodzi pa mamita pafupifupi 30 alionse. Ndiye kuti chigwembe chopapatiza, chimene chingamize tayala kapena kugubuduza galimoto, sichioneka n'komwe. M'nkhalango yowirira radar inkagundanso pamwamba pa mitengo, osati pa nthaka yeniyeni.

Za sikelo, imene imasonyeza mtunda weniweni umene sentimita ya pa mapu ikuimira, musazinyoze. Pa 1:100,000, sentimita imodzi ndi kilomita yathunthu, zimene zimakwanira pokonzekera ulendo wautali wa galimoto. Pa 1:50,000 ndi mamita 500, ndipo pa 1:25,000 ndi mamita 250. Woyenda pansi kapena pa njinga m'mapiri asankhe pakati pa ziwiri zomalizazi, makamaka mapu amene mizere yake ya kontuwa yasiyana kukwera ndi mamita 10 kapena 20.

Musanadalire mapu alionse, ayeseni pa malo amene mumawadziwa bwino. Onani ngati kamtsinje kamene mumawoloka kalipo, ngati mphambano ili pamalo pake, ngati chitunda chikuoneka kukwera monga mmene miyendo yanu imachidziwira. Mukatero ikani mapu a mitundu iwiri pa memori khadi, ena a kontuwa yabwino, ena a njira zatsopano, muzisinthana nawo pamene mwakayika. Zonsezi zichitike muli kunyumba pa intaneti, chifukwa kumene mukupitako netiweki ikhoza kusowa. M'chikwama muikemonso mapu a pepala, kampasi ndi mabatire apadera.