Momwe mungapezere kafukufuku wa vuto la kuiwalaiwala ndi kulowamo

Alipo anthu ambiri amene amadzimva okha kuti mutu wayamba kutaya zinthu. Dzina la mnzanu wa kumpingo lasowa, mwalowa kukhitchini koma mwaiwala chimene mwadzera, koma adokotala akakuyesani akuti zonse zili bwino. Ofufuza amawafuna kwambiri anthu otere, chifukwa mwa ena kuiwalaku kumayamba zaka zambiri matenda a dementia (matenda a ubongo oiwalitsa kwambiri mpaka munthu kulephera kudzisamalira) asanaonekere, ngakhale kuti ambiri safika kumeneko. Ine ndikukhala ku Britain ndipo ndinadutsamo m'njirayi, ndiye nazi zimene mungachite.

Yambani ndi dokotala wanu, akuyezeni magazi. Kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, shuga, HIV, matenda a nkhawa ngakhale kusagona mokwanira, zonsezi zimaiwalitsa ndipo zili ndi thandizo lake. Ofufuza adzakufunsani zomwezi, choncho sungani zotsatira pamodzi ndi mayina a mankhwala amene mumamwa.

Kenako fufuzani pa ClinicalTrials.gov, kaundula wa boma la America yemwe anayamba m'chaka cha 2000 ndipo muli kafukufuku wa m'maiko ambiri. Lembani mawu akuti "subjective cognitive decline", dzina la vutoli m'Chingerezi, onse athunthu. Mukafupikitsa kuti SCD mudzadzaza tsamba ndi nkhani za matenda a magazi a sickle cell. Sankhani "Recruiting" (kafukufuku amene akulembabe anthu) ndi dziko limene muli, ndipo lembani penapake nambala yoyamba ndi NCT ya kafukufuku amene wakukopani. Okhala ku Britain ali ndi njira yachidule, Join Dementia Research, yomwe inakhazikitsidwa mu 2015. Aliyense wa zaka 18 kapena kuposerapo akhoza kulembetsa, wodwala ndi wosadwala yemwe, ndipo ofufuza ndi amene amakusakani. Kwa amene muli kumudzi ku Malawi, ku Zambia kapena ku Joni, onani Pan African Clinical Trials Registry, yomwe imasungidwa ku South Africa. Musayembekeze zambiri, kafukufuku wa vutoli ngochepa kwathu ku Africa.

Apa ndichenjeze. Kupezeka pa ClinicalTrials.gov si umboni woti boma la America launika ntchitoyo, ndipo tsambalo limanena lokha zimenezi. Alipo makiliniki amene amadzilembetsa pamenepo kenako n'kumalipiritsa ndalama zankhaninkhani za jekeseni wa ma stem cell (maselo amene amatha kusanduka maselo a ziwalo zosiyanasiyana). Kafukufuku weniweni salipiritsa. Aja amakutumizirani pa WhatsApp mabotolo a "mankhwala otsegula ubongo" n'kumati ali pa kafukufuku, afunseni komiti imene inavomereza. Ku Malawi ndi COMREC ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, ndipo ngati muli mankhwala, PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, iyeneranso kudziwa. Akayamba kuzungulira, tsekani foni.

Tsopano pamene panandivuta ine. Mukatumiza imelo kwa ofufuza, amakuimbirani foni, kenako amakuitanani kukayezedwa ngati mukuyenera. Mayeso ake, monga MoCA ndi MMSE, ali ndi mapointi 30: kujambula wotchi, kukumbukira mawu angapo, kuchotsera 7 kuchokera pa 100 mobwerezabwereza. Zimenezo sizinandiopse. Chimene chinandigwetsa ndi munthu amene iwo amamutcha study partner, woti amakuonani pafupipafupi, angathe kubwera nanu kuchipatala ndi kufotokoza ngati mwasintha. Popeza vuto lanulo mwadzinenera nokha, ofufuza amafuna mboni.

Mayi a kunyumba anali ku Lilongwe nthawi imeneyo. Ndinatchula iwo, ndikuganiza kuti kulankhulana pa vidiyo tsiku ndi tsiku kukwanira. Pa foni ofufuzawo sanakane, koma nditafika, nditalipira kale sitima yodula ija, anandiuza kuti malamulo a kafukufuku wawo amafuna munthu wokhala nane pafupi. Ndinapempha mphwanga wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba, koma mashifiti ake ndi masiku a kuchipatala sizinagwirizane, ndipo nthawi yolembera anthu inatha ndikadali kusakasaka. Ambiri a ife kunja kuno tili choncho: banja lili kumudzi, anzathu ali pa shifiti usiku ndi usana.

Ndiye musanakwere chilichonse, funsani pa foni yoyamba ija. Kodi mboniyo ikufunika? Iyenera kukuonani maola angati pa sabata? Ibwere ulendo uliwonse, kapena ena angathe kuyankha pa foni? Kodi ndalama yake yoyendera abweza? Mukatero kambiranani ndi munthuyo momasuka, mumuuze kuti ntchitoyi ingatenge chaka kapena kuposa. Sankhaninso wosakunyengererani. Mwana wa mlongo wanu amene amangoti "amalume ali bwinobwino" chifukwa cha ulemu sathandiza. Funsaninso za chilankhulo, chifukwa mayeso ambiri ndi a m'Chingerezi, ndipo kutchula msangamsanga mawu oyamba ndi chilembo F m'chilankhulo chachiwiri kungakutsitseni mapointi popanda vuto lililonse m'mutu.

Mukadutsa pamenepo zotsalazo n'zosavuta. Adzakupatsani chikalata cha chilolezo; pitani nacho kunyumba, musasaine pomwepo. Onani ngati muli kujambula ubongo ndi makina a MRI ndi PET, kapena kutenga madzi a pamsana, komanso ngati adzakuuzani zotsatira, poti ena sanena. Mukhoza kugwera m'gulu lolandira mankhwala ongoyerekeza, ndipo simusankha nokha. Si kafukufuku yense ali ndi mankhwala: wa FINGER ku Finland, wa anthu 1,260 a zaka 60 mpaka 77, anayesa kadyedwe, masewera olimbitsa thupi, zolimbitsa ubongo ndi kuyang'anira BP kwa zaka ziwiri, ndipo maiko ena akutengera njira yomweyo. Winanso ngongoyankha mafunso pa kompyuta muli pakhomo, ndipo ndi umene ndinadzalowa pambuyo pake.

Muli ndi ufulu wosiya tsiku lililonse popanda kupereka chifukwa, ndipo chithandizo chanu cha kuchipatala sichisintha. Malisiti a basi ndi sitima muzisunga, ambiri amabweza ndalama akaona pepala.