Oyilo wa pikapu kuno ku chigwa, tisamangothira poti ndi wokhuthala

Tikamaliza misonkhano ya makalabu a thonje kapena a ziweto, pamakhala abambo amodzi kapena awiri otsalira amene funso lawo si la mbewu ayi, ndi la galimoto. "Alangizi, mmene kumatenthera kunomu, si bwino kungothira 20W-50 basi?" Ndiye poti pikapu ndi imene imatinyamulira thonje, mbuzi ndi matumba a mapira, ndati ndilembe kamodzi aliyense aziwerenga yekha.

Tiyambe ndi manambala ali pachigubu aja, mwachitsanzo 15W-40. Nambala yoyamba ya W ija imanena mmene oyilo amayendera kukazizira, nthawi imene mwangoliza injini mmawa, ikakhala yochepa ndiye kuti amathamanga msanga kukafika kumtunda kwa injini. Kuno ku Ngabu kapena Bangula ngakhale mu June sikuzizira koti 15W nkuvutika, ndiye imeneyo isakusowetseni tulo. Yachiwiriyo, 30, 40 kapena 50, ndi kukhuthala kwake akatentha kufika madigiri 100, ndipo mkangano wonse uli pamenepa.

Anthu amaganiza kuti poti mu October dzuwa limadutsa madigiri 40 ndiye kuti oyilo amasungunuka ngati madzi. Koma mkati mwa injini mumatentha kale kuposa kunja, thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, imasunga madzi cha mma madigiri 80 mpaka 90, kaya muli ku Dedza kaya ku Nsanje. Inde dzuwa lathuli limaonjezera, makamaka mukamakwera phiri kuchoka pa Thabwa kupita ku Blantyre mutadzaza katundu pa giya 2, koma amene anapanga injiniyo anawerengera kale zimenezo ndipo analemba oyilo woyenera mu kabuku ka galimoto. Ngati kabuku kanasowa, ena amalemba pa chitsekerero pothirira oyilo pomwepo, apo ayi funsani kogulitsa masipeya muwauze nambala ya injini osati dzina la galimoto lokha. Hilux ndi dzina limodzi koma mainjini ake ndi ambiri. Ndipo inu amene mumachotsa thermostat ati kuti injini izizizira, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, koma mukulakwitsa.

Kwa madizilo akale aja, Hilux ya 3L kapena 5L, Isuzu KB250, Hardbody ya TD27, ine ndimati 15W-40 basi, ndi wosavuta kupeza komanso amapirira katundu ndi kutentha. Zatsopanozi ngati Hilux GD-6 ndi Ford Ranger zambiri zimafuna 5W-30, mipata ya mkati mwake ndi yaing'ono ndiye oyilo wokhuthala amachedwa kufika ku turbo (kachipangizo kokankhira mpweya wambiri mu injini), mafuta nawo amatha msanga. Zimene zili ndi DPF, kasefa kogwira mwaye ku ekizozi kaja, zimafunanso oyilo wosasiya phulusa lambiri, pachigubu pamalembedwa ACEA C2 kapena C3, kapena DL-1 kwa zochokera ku Japan. Mukathira wamba kasefako kamatsekeka pang'onopang'ono ndipo mtengo wake mugulitsa ng'ombe. A Ranger ya 2.2 ndi 3.2 kumbukiraninso kuwauza amakaniko kuti asaisiye ilibe oyilo kupitirira mphindi 10 akamakhetsa, pampu yake imavuta kukokanso.

Chimene ambiri sitiyang'ana ndi zilembo za kumbuyo kwa chigubu. Pali mawu oti API, kenako zilembo ziwiri. Zoyamba ndi S, ngati SL kapena SN, ndi za petulo. Zoyamba ndi C, ngati CH-4 kapena CI-4, ndi za dizilo. Zigubu zina za 20W-50 zili ndi S yekha, ndiye munthu amathira mu dizilo akusangalala kuti wagula wamphamvu, chonsecho oyiloyo alibe mankhwala okwanira ogwira mwaye umene dizilo amatulutsa. 20W-50 malo ake ndi injini yapetulo yakale imene yayamba kudya oyilo, ndipo ngakhale pamenepo sikuti akuchiza, akungobisa matenda mpaka mupeze ndalama yosinthira malingi a mapisitoni.

Ndinaonapo ndekha pa galaja ina pa Nchalo, pikapu ya matola itatsegulidwa kumutu. Makaniko analowetsa sikuludiraiva nkutulutsa zinthu zakuda zomata ngati phala lopserera pansi pa poto, mpaka timabowo todutsa oyilo sitimaoneka. Mwini wake ali poteropo manja mthumba akuti "komatu ndimathira tritimenti mwezi ndi mwezi". Atafunsidwa kuti anakhetsa liti oyilo, anayamba kuwerenga zala, kenako anangoti amangoonjezera akatsika.

Ndiye tifike pa tritimentiyo, timabotolo ta mankhwala oonjezera mu oyilo. Oyilo wabwino amabwera ndi mankhwala ake kale mkati, otsuka, ogwira mwaye kuti usaundane, a zinki oteteza zitsulo zisadyane, ndi ena othandiza kuti asapyapyale kwambiri akatentha, zonse anaziyeza mulingo kufakitale. Mukathiramo kabotolo kokhuthala ngati uchi kaja mwasintha mulingowo, injini imachepadi phokoso ndipo utsi umatsika kwa masiku, koma mwangosandutsa 40 wanu kukhala chinthu china chimene palibe akudziwa nambala yake. Kamankhwala koletsa kudontha kamangofufumitsa malabala, sili yong'ambika imafuna kusintha. Choopsa kwambiri ndi kutsuka injini yakale ndi fulashi, mankhwala otsukira mkati mwa injini, kapena ndi palafini ngati amachitira ena, zonyansa zimene zinamatirira zaka zambiri zimasweka nkukatseka kasefa ka pampu mu sampu, pansi pa injini pokhala oyilo, kagetsi kofiira ka oyilo kayaka, injini yanoka. Ngati mkati ndi moda, bola kusintha oyilo ndi fyuluta kawiri motsatizana pa makilomita ochepa. Ndalama ya kabotoloyo gulirani fyuluta yabwino.

Mdani weniweni kuno ndi fumbi, osati dzuwa. Amene mumayenda msewu wa East Bank kapena midzi ya kwa Chapananga mukudziwa mmene galimoto imabwerera, ndipo fumbi likadutsa pa eya kilina limasakanikirana ndi oyilo nkumapala masilinda ngati sandipepa. Ndiye kwa madizilo akalewa musadutse makilomita 5,000 musanasinthe oyilo pamodzi ndi fyuluta, kapena miyezi 6 ngati galimoto siyendayenda. Eya kilina muzimuona pafupipafupi kuposa pamenepo. Hilux ya D-4D imamwa pafupifupi malita 7, ndiye chigubu cha malita 5 sichikwana, konzekeranitu. Gulani chigubu chomata bwino pa filing'i sitesheni kapena shopu yodziwika, wopungulira mmabotolo a zakumwa pamsika uja simungadziwe kuti ndi chani, ena amakhala wokhetsedwa kale amene angomusefa.

Oyilo wa dizilo akada patangopita masiku ochepa musadandaule, ndiye kuti akugwira ntchito yake yonyamula mwaye. Mtundu woopsa ndi wa tiyi wamkaka. Amene tinaona madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 tikudziwa kuti nthawi ya dzinja kuoloka pamadzi sikupeweka, ndiye mukaoloka pakuya, mawa lake solorani dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo, muone. Ikatuluka yotuwa ngati tiyi wamkaka musalize, khetsani, ndipo muonenso oyilo wa mu difu ndi giyabokosi chifukwa madzi amalowanso kumeneko. Ikaonetsa zomwezo musanaoloke paliponse, kaikirani gasiketi ya kumutu kwa injini, mwina ikulowetsa madzi mu oyilo.

Dipisitiki muziona mmawa galimoto ili pamalo osapendekeka, pukutani kaye, bwezerani, solorani kachiwiri, oyilo akhale pakati pa timizere tiwirito osadutsa ka pamwamba. Ndipo inu a turbo mukafika ku Blantyre mutakwera phiri lija ndi katundu, musangofika nkuzimitsa, isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oyilo asapserere mu turbo, kenako muzitsitsa mbuzi zanuzo.