Konzani chiphaso cha unzika alembi asanafike m'mudzi

Makolo anga a ku Mangochi, kuchokera kwa Makanjira mpaka kwa Nankumba, lero sindikamba za mbewu ayi. Ndikamba za kachiphaso kaja mumamanga pamfundo ya chitenje.

Mtukula Pakhomo, thandizo la ndalama la boma lomwe lidayambira ku Mchinji mu 2006, ndi wa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito. Koma umphawi pawokha sulembetsa munthu. Alembi akabwera kudzalowetsa mabanja m'kaundula wa UBR, momwe boma limasankhiramo oyenera thandizo, amafunsa chiphaso cha unzika cha mutu wa banja, n'kukopera nambala yake. Nambalayo ndi yosakaniza zilembo ndi manambala, ndipo ndi yanu nokha. Musaitchule pamtima, apatseni chiphasocho aone okha, akamaliza akuwerengereni zomwe alemba.

Pamene ambiri amagwa ndi pa dzina. Ndidaona gogo wina kufupi ndi Namwera atakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa, mpaka anzake onse atalandira. Iye adalembetsa ndi dzina la malemu amuna ake, lomwe mudzi wonse umamuitanira, pomwe pachiphaso pali dzina la bambo ake omubereka. Kompyuta sidziwa zoti mfumu ikukudziwani. Ngakhale kalembedwe kokha, wina Saidi wina Sayidi, kangathe kukuchedwetsani. Choncho tchulani dzina lomwe lili pachiphaso, osati la pamudzi. Ngati ndalama mudzalandirira pa foni, kaya pa Airtel Money kaya pa Mpamba, simukhadi nayonso ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chomwecho, osati cha mdzukulu amene mawa anyamuka ulendo wa ku Joni.

Ngati mulibe chiphaso ndipo mwakwanitsa zaka 16, yambirani kwa mfumu yanu kuti ikuchitireni umboni, kenako pitani ku ofesi ya NRB, nthambi yopereka ziphaso za unzika, paboma. Chikatayika kapena kupsa, katengeni kaye kalata ya kupolisi. Chiphaso sichituluka tsiku lomwelo, ndiye musadikire kumva kuti alembi ali m'mudzi woyandikana nawo. Ana amasiye amene mukulera nawonso alembetseni kuti akhale ndi chiphaso cha kubadwa.

China chomwe chimandiwawa ndi katapila. Anthu ena akumasiya chiphaso ngati chikole pa ngongole ya thumba la chimanga, tsiku lolandira wobwereketsa uja n'kuima pambali ngati m'bale. Musatero. Musachiperekenso kwa aliyense woyenda m'midzi kuti "ndikakulembetsereni". Kulembetsa ndi kwaulere, ndipo a komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu mumawadziwa nkhope.

Inu a m'mphepete mwa nyanja, bambo akamapita kukapha usipa kwa milungu ingapo, nambala ya chiphaso chawo ilembedwe kuseri kwa buku la kuchipatala. Chiphaso chenichenicho chikulungeni m'pepala la pulasitiki, mvula ikubwerayi denga likadontha chisanyowe.