Momwe mungasankhire opening ya chess n'kuidziwa bwino

Anyamata ambiri amene timasewera nawo chess kuno ku Salima amafika ataloweza mayina a ma opening, ndiko kuti njira zoyambira masewero: Sicilian, Ruy Lopez, King's Indian. Koma mukawafunsa chimene hatchi yapitira pa f3, amangoti kukamwa yasa. Dzina la opening silipambanitsa munthu. Nayi njira imene ine ndimaphunzitsira.

Choyamba, pezani bolodi lokhala ndi zilembo ndi manambala m'mbali, a mpaka h, 1 mpaka 8. Mabolodi ena otchipa a m'mashopu alibe zimenezi, ndipo ena amabwera pawn imodzi ikusowa, choncho werengani musanapereke ndalama: zonse zikwane 32. Ngati lanu lilibe zilembo, lembani nokha ndi cholembera. Bokosi lapakona kudzanja lanu lamanja likhale loyera.

Chachiwiri, sankhani ma opening atatu basi, imodzi ya pamene muli ndi zoyera, awiri a pamene muli ndi zakuda. Ndi zoyera tengani Italian Game: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 (polemba, N ndi hatchi, B ndi bishopu, Q ndi queen, x ndi kudya, + ndi kuopseza king; popanda chilembo chachikulu ndiye kuti yasuntha ndi pawn). Ndi yakalekale, Gioachino Greco ankaisewera kale m'zaka za m'ma 1600. Kuchokera apo kankhani c3 ndi d3, chitani castling (kusuntha king ndi rook nthawi imodzi kuti king abisale), ndipo d4 ibwere mukakonzeka. Ndi zakuda, e4 muziyankha ndi e5.

Apa ndiye pofunika kudekha, chifukwa ndi pamene ine ndinkagwera kawirikawiri. Yang'anani pawn ya pa f7. Poyamba masewero palibe china choiteteza kupatula king yekha, ndipo bishopu wa pa c4 walozetsa pomwepo. Muli ndi zakuda, mukayankha 3...Nf6, mnzanu amalumpha 4.Ng5, tsopano ziwiri zikuunjirira f7. Mukankha 4...d5, iye adya 5.exd5, ndipo dzanja limafuna kubwezera msanga ndi 5...Nxd5. Musatero! Iye apereka hatchi pa 6.Nxf7, inu mudya ndi king, kenako 7.Qf3+ ikukokerani king wanu pa e6, pakati pa bwalo, ngati mukufuna kupulumutsa hatchi ya pa d5. Imeneyi ndiyo amati Fried Liver. Yankho labwino ndi 5...Na5, kuthamangitsa bishopu uja, ngakhale mutsala ndi pawn imodzi yochepa.

Koma kwa woyamba kumene ndimati sewerani 3...Bc5. Hatchi yanu ikadali pa g8, njira ya queen kuchoka pa d8 kukafika pa g5 ndi yotseguka, ndiye akayesa 4.Ng5 mungoidya ulere. Nf6 ibwera pambuyo, mukatsala pang'ono kuchita castling. Yalani zimenezi pa bolodi, musewere mbali zonse ziwiri nokha mpaka dzanja lizolowere. Pa f7 pomwepo ndi pamene ana asukulu amagwirira anzawo ndi 1.e4 e5 2.Qh5 Nc6 3.Bc4, apo kankhani g6.

Pali anthu amene amagulitsa mabuku a PDF pa WhatsApp, amati muli misampha yopambanira m'mphindi ziwiri. Sungani ndalama yanu mugule bandulo. Lichess, malo osewerera chess pa intaneti, ndi yaulere, ndipo mukamaliza kusewera imakuonetsani pamene munaphonya. Misampha imagwira munthu kamodzi kokha, mawa lake wachenjera, monga zimakhalira pa bawo.

Chachitatu, akayamba ndi 1.d4, yankhani d5, akabwera ndi c4 inu e6. Ndiyo Queen's Gambit Declined. Tulutsani Nf6 ndi Be7, bisani king.

Chachinayi, muzilemba masewero anu m'kope. Mukaluza, fufuzani pamene munasiyana ndi zomwe munaphunzira, muwonjezere kusuntha kumodzi kokha, osati tsamba lonse.

Za Sicilian ndi London System muziona chaka chamawa. Pakadali pano musatulutse queen msanga, ndipo musasunthe chinthu chimodzi kawiri zina zidakali pamzere wakumbuyo.