Musanalipire fizi ya koleji muli ku Chipata

Maphunziro apamwamba masiku ano ndi malonda. Sukulu zambiri zomwe si zaboma zimadalira fizi yanu kuti zilipire aphunzitsi, n'chifukwa chake pa Facebook padzaza mauthenga okopa, ena olonjeza digiri ya pa intaneti m'miyezi yowerengeka. Kugulitsa si mlandu, koma inu ogula, makamaka Amalawi amene muli kuno ku Chipata, muzifunsa.

Yambani ndi Higher Education Authority, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba lomwe linabwera ndi lamulo la 2013 kuno ku Zambia. Onani ngati sukuluyo ili m'kaundula wawo, komanso ngati kosi yeniyeniyo ndi yovomerezeka, chifukwa sukulu itha kulembetsedwa koma kosi ina ayi. Satifiketi ya MSCE imafunika kupita ku ZAQA, bungwe la Zambia loona za masatifiketi, kuti akaitsimikize. Ngati mtima uli wodzabwerera kumudzi kukasaka ntchito, funsaninso a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba ku Malawi lomwe lili ku Lilongwe, ngati pepalalo adzalilandire. Chilolezo chophunzirira cha ku Immigration musachinyalanyaze. Kulankhula Chichewa ngati mbadwa ya ku Katete sikukusandutsani nzika.

Pa ndalama ndiye pagona nkhani. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Makolo a ku Mchinji omwe ankatumiza fizi kudzera pa boda ya Mwami anapeza kuti ndalama yomwe inkakwanira temu yonse yaperewera. Nayo kwacha ya Zambia imatsata mtengo wa kopa pamsika wa dziko lonse, choncho imakwera n'kutsika pa zifukwa zomwe inu simungazigwire. Funsani msanga kuti fizi ya mlendo amawerengera m'kwacha kapena m'madola. Ngati mumalandira m'kwacha ya kuno, sungani fizi m'kwacha yomweyo, osaitembenuza kawiri.

Ambiri sadziwa kuti pangano la SADC la zamaphunziro, lomwe linasainidwa ku Blantyre mu 1997, limati ophunzira a m'chigawo chino azilipira ngati eni dziko. Si sukulu zonse zimene zimatsatira, komabe litchuleni ku ofesi ya fizi, ndipo yankho mulipemphe m'kalata. Ngongole ya boma ya ophunzira, yomwe imaperekedwa ndi bungwe la HELSB, ndi ya nzika za Zambia, musaiwerengere.

Ofuna zakafukufuku, makamaka zaulimi, siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi ya Msekera ili pafupi pomwepa ndipo imadziwika ndi kafukufuku wa mtedza. Kungoti ntchito zambiri zoterezi zimayendera thandizo lakunja, ndipo mwaona momwe mapulojekiti a USAID, bungwe la boma la America lopereka thandizo, anaimira mu 2025. Wina akakulonjezani malo ophunzirira digiri ya masitazi, funsani kuti ndalamazo zikuchokera kwa ndani ndipo zasainidwa mpaka chaka chiti.